Malata Anga Atagwera Pakhomo pa Apongozi

Ana anga akandifunsa kuti malata amakhala zaka zingati, ndimati amakhalitsa kuposa ulemu wa munthu, kenako ndimasintha nkhani. Lero ndiulule, popeza ambiri amene akanandiseka anatsogola kale.

Munali m'masiku a chitaganya. Ndinatsika sitima pa Balaka kuchokera ku Halale, kumene ndinkaphikira Mzungu, ndili ndi jekete, chipewa ndi mutu waukulu. Ndinali nditangokwatira Elena wa kwa Kalembo, ndipo monga mkamwini aliyense ndinayenera kumanga nyumba kwawo kwa mkazi. Nthawi imeneyo mkamwini wolephera kumanga ankangopeza katundu wake ali panja. Ine ndinati sindimanga yaudzu ngati munthu wosayenda. Ndinagula malata asanu ndi atatu m'sitolo ya Mmwenye, amene anandilumbirira kuti malatawo adzaona zidzukulu zanga.

Mwambo sunkalola kuti ine ndi apongozi aakazi tiyang'anizane. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Choncho malangizo awo ankadzera mwa Elena. Nditangounjika mitengo, iye anabwera kudzandiuza kuti mayi akuti mitengoyo ndi yanthete, ndikadule muwanga kuphiri, ndiuwaule kumatsinde kuti chiswe chisalowe. Ndinayankha kuti tsobola wakale sawawa, nyumba yamalata ili ndi nzeru zake. (Zoona zake n'zakuti muwanga ndi wolimba ndipo manja anga anali atazolowera mbale za Mzungu, koma izi sindinanene.)

Denga ndinakhoma ndekha. Misomali ndinaikhoma m'makwawa mwa malata, momwe madzi amayenda, chifukwa m'momwe nyundo inkafika bwino. Zaka zisanu ndinagona pansi pa malata ku Halale, koma pamwamba pake sindinakwerepo ndi kamodzi komwe.

Nyumbayo inawala, abale anga. Anthu ochokera ku Shire ndi madengu a nsomba ankaima panjira n'kumaloza. Ine ndinkakhala pakhonde mwendo pamwamba pa unzake, ndipo ndinene mosabisa kuti masabata amenewo ndimawasowabe.

Mvula yoyamba inalowa pa msomali uliwonse. Tinatchera miphika, mbale, ngakhale chipewa changa chija. Kutacha Elena anabwera ndi uthenga wakuti mayi akufunsa ngati kwa anthu oyenda amasambira m'nyumba. Posakhalitsa mitengo inayamba kugwetsa fumbi ngati ufa. Chiswe chinali chitakhazikika, koma ine ndinauza mkazi wanga kuti mtengo watsopano umatero.

Ndiye masana ena mu Januwale kunabwera chimphepo. Ndili kumunda wa thonje ndinaona denga langa likudzuka. Malata asanu anapindikira m'mitengo osathekanso, atatu anauluka n'kukagwa pafupi ndi nkhokwe ya apongozi, iwo ali pomwepo akusinja. Ndinathamanga, koma nditafika m'mphepete mwa bwalo lawo miyendo inaima yokha. Ndinabisala kuseri kwa papaya, mtengo wosabisa ngakhale mbuzi, n'kutuma Elena.

Anabwerako akudziluma milomo kuti asaseke.

"Akuti chogwa pakhomo pawo ndi chawo. Ngati mwini wake akuwafuna, abwere adzatenge yekha."

"Kawauze kuti ndi anga, ndinagula ku Balaka."

"Iyayi, akudziwa. Akuti nawonso mwana wawo munamupeza wouma."

Pamenepo ndinaopa zenizeni. Ndinadziwa kuti chotsatira ndi jekete langa panja ndi ulendo wobwerera kwathu wopanda mkazi, pomwe Elena ndinkamukonda kuposa malata onse a m'sitolo muja. M'mawa mwake apongozi aamuna anafika ndi nkhwangwa ziwiri. Anandipatsa imodzi n'kutsogola kuphiri. Masiku atatu ndinadula muwanga mpaka matuza anaphulika m'manja. Tinawaula matsinde, tinamanga ndi luzi, tinafolera ndi udzu wotsala wa anansi. Pambuyo pake Elena anandiuza kuti mayi ake ndiwo anatuma bambowo, ati mkamwini wodziwa kuima kuseri kwa papaya angathe kuphunzira zinazo.

Udzu tinkausintha ukatha, koma mizati ija inaima mpaka mwana wathu wachisanu anakwatiwa. Malata atatu aja apongozi anafolerera khola la mbuzi, ndipo sindinawapemphenso.

Apongozi anapita, Elena nayenso anatsikira kulichete, ine n'kuchoka pamudzipo. Chaka chatha ndinakaona mudziwo. Khola lamangidwa kambirimbiri, koma malata ndi omwe aja, ofiira ndi dzimbiri, mabowo anga ali ndondondo m'makwawa. Mmwenye uja sananame. Mdzukulu wanga wamkazi, amene tsopano ali ndi banja lake pomwepo, anandifunsa kuti ndi chitsiru chanji chinakhoma misomali monga muja. Ndinati anali munthu wina wochokera ku Halale, sindinkamudziwa bwino. Kenako ndinacheuka kudikira kuti Elena andiulule, koma panalibe woulula.