Kalata Yosiya Sukulu Imene Inadzitumiza Yokha

Mpaka lero ndikamva pulinta ikulira, ndimathamangira kukasuzumira chimene ikutulutsa. Lekani ndiulule.

Ndinalowa yunivesite ndili mayi wamkulu kale, nditaphunzitsa pulayimale kwathu ku Lirangwe zaka zambiri. Anzanga a m'kalasi, amsinkhu wa mwana wanga woyamba, ankanditcha a Masteni. Pofuna kusunga ulemu umenewo, sindinkafunsa kanthu kwa munthu.

Temu yoyamba ndinalephera mayeso awiri. Ndi mtima wowawa ndinalemba pa laputopu kalata yosiya sukulu. Ndinakhuthula zonse: kuti maminibasi andikwana, kuti munda wanga wasanduka tchire, ndiponso kuti aphunzitsi athu a masamu, omwenso ndi mkulu wa dipatimenti, amaphunzitsa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Mtima utatsika sindinaitumize. Kufufutanso sindinafufute.

Sabata yotsatira anatiuza kuti asayimenti tipereke yopulinta. Pasukulupo mapulinta onse ali pa netiweki imodzi, umangolumikiza laputopu n'kusankha yomwe ukufuna. Ndinakhala pansi mu laibulale, pulinta ili patsogolo pangapa, ndikutsatira malangizo omwe anamata pakhoma. Panatuluka mayina asanu ndi anayi, onse zilembo ndi manambala basi. Ndinasankha lapamwamba (pamulu wa tomato wabwino amakhala pamwamba, si choncho?).

Ndinati ndiyesere kaye ndi katsamba kamodzi, ndisawononge mapepala. Katsamba kamodzi komwe ndinali nako kanali kalata ija. Ikatuluka nding'amba pomwepo, ndinadziuza.

Ndinadina. Zii. Ndinadinanso. Ndinatsegula motengera mapepala, kuuziramo, kuimenya kambama pambali. Ndinadina maulendo khumi ndi anayi, kenako ndinanyamuka n'kumatukwana zinthu zamakono.

Mawa lake uthenga unandipeza: Mayi Nangozo, sekilitale wa dipatimenti, akukufunani. Mayiwa amakhala ku Chileka, ndipo tinkangopatsana moni posaka minibasi. Nditalowa anatseka chitseko, n'kutulutsa kamulu ka mapepala mudirowa.

"Izi n'zanu, amayi?"

Ndinasuzumira: inali kalata yanga ija, mapepala khumi ndi anayi.

"Pulinta munasankhayo ndi ya mu ofesi mwa abwana. Mwayi wanu anali ku miting'i. Ndinamva ikulira yokha, ndiye ndinaima pamenepo kuwakha imodziimodzi mpaka inu mutatopa."

"Mwawerenga?" ndinafunsa.

"Yoyamba yokha. Zinazo ndimangosuzumira ngati mwasintha maganizo."

Sanaseke, ngakhale pang'ono. Anandikankhira mpando n'kundifunsa ngati ndikufunadi kusiya. "Ngati ndi choncho sainani imodzi, koma za njuchizi tichotse kaye."

Apo misozi inangoyamba yokha. Anandisiya ndilire. Kenako anandiuza kuti iwo mu ofesimo analowa ngati wokolopa, kutaipa anaphunzira nthawi ya nkhomaliro anzawo akudya.

"Ndinkafunsa, amayi. Ndinkafunsa mpaka anthu akandiona ankakhota njira. Inu mukuchita manyazi ndi ana?"

Anatenga laputopu ija, zala zikuthamanga osayang'ana n'komwe. Anachotsa pulinta ya abwana, n'kundionetsa kuti dzina la pulinta iliyonse analemba pakapepala kumbali kwake (pomwe ndinamenya kambama paja). Kenako anafufuta zonse anachitazo.

"Lumikizani nokha."

Anandibwerezetsa katatu, ngati mmene ndimachitira ndi ana a Sitandade 2. Makalata aja anandipatsa mu envelopu, ndipo nkhaniyi sanauze munthu. Ndikudziwa, chifukwa pasukulu paja chinsinsi sichigona.

Sukulu ndinamaliza. Tsiku lovala gauni, munthu woyamba kumukumbatira anali iwowo, amuna anga akudikira pamzere.

Kufunsa ndinaphunzira, moti pano anthu amakhota njira chifukwa cha ine. Koma zolemba makalata ndikapsa mtima sindinasiye. Ya apongozi anga ilimo mulaputopumu, masamba atatu, ndipo mwana wanga wangogula pulinta yosafuna waya.