Kupatulira Buku la Abambo

Lolemba

Kalata yafika kuchokera kwa osindikiza mabuku ku Blantyre. Buku la nzeru za anthu akale a ku China, lomwe abambo akunyumba akhala akumasulira m'Chichewa chipumireni pa uphunzitsi, alivomera. Koma ati latalika. Achotsemo masamba makumi anayi, lifike Lachisanu, apo ayi malo apatsa wina.

Ine mtima wanga uli pa chipinda. Makatoni a mapepala adzaza mosungira nandolo, pomwe nandolo wauma kale kumunda. Abambo analonjeza kuti buku likatuluka, makatoni nawo atuluka.

Zochita:
1. Abambo achotse masamba.
2. Ayankhe kalata.
3. Ndisese chipinda.

Lachiwiri

Abambo ali pansi pa mtengo wa mango, maso ku phiri la Michesi. Kalata ayiyika pansi pa kapu kuti isauluke.

"Mayi a Grace, bukuli limaphunzitsa kuti wanzeru sakakamiza zinthu. Zimachitika zokha."

Zaka makumi atatu ndili m'nyumba muno, sindinaonepo madzi akudzitunga okha.

Lachitatu

Akadali pa mango. Ndatenga bukulo ndekha. Masamba mazana awiri, otayipidwa bwino. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma udzu m'munda ndimaudziwa. Ndawerenga mpaka mutu kuwawa, tsamba loipa osalipeza. Onse ndi ofanana, onse osamveka.

Ndiye ndachita monga timachitira chimanga chikathithikana: kupatulira. Pa masamba asanu alionse ndazula limodzi, kuti pasakhale mutu wodandaula kuti waonderedwa. Ndawerenga katatu, makumi anayi ndendende. Manambala ndalemba atsopano ndi bolopeni. Ozulawo ndabisa pakati pa matumba opanda kanthu.

Lachinayi

Pa kabaza mpaka pa Boma, envulopu ndaikulunga m'chitenje kuopa fumbi. Kalata ndalemba ndekha, zilembo zazikuluzikulu: TACHOTSA. ZIKOMO. Ndapatsa dalaivala wa minibasi yopita ku Blantyre, wa mpingo wathu. Ndamuuza kanayi kuti asayike pafupi ndi matemba.

"Amayi, ndamva kale. Kapena mukwere nokha muifungatire?"

Pobwera ndapeza mbuzi za aneba m'munda wa nandolo. Abambo akuziyang'ana. Ati nazonso zikutsata njira yake.

Lachisanu

Ndikutsuka mbale, ndakumbukira chinthu. Chimanga chilichonse chimaima pachokha. Koma chiganizo chimayamba m'munsi mwa tsamba lino n'kukathera pa linzake. Ndadula ziganizo pakati, kokwana makumi anayi!

Zoti ndidzanene akandifunsa:
- chiswe
- mphepo
- dalaivala (ayi, ndi wa mpingo)

Chiswe sichilemba manambala ndi bolopeni. Tiyi wandikanika.

Loweruka

Foni yalira. Mayi wa kosindikiza mabuku. Abambo akweza mawu a foni kuti nanenso ndimve. Ndaima pachitseko kumvetsera.

"Aphunzitsi, mwagwira ntchito. Poyamba mumafotokoza zonse ngati muli m'kalasi. Pano ganizo likuyamba, osatha, mwalumphira kwina, wowerenga aganize yekha. Kuzama kwake n'kumeneku. Kodi lachiwiri lilipo?"

Abambo sanafunse kuti latumizidwa liti, kapena watumiza ndani. Angonditembenukira.

"Mwaona, mayi a Grace? Zachitika zokha."

Ndangoti eya. Tsache ndaliyika pakhomo la chipinda.

Lamulungu

Tachokera kutchalitchi. Ndikukung'untha matumba kuti mawa tiyambe kukolola, masamba aja mbwee pansi, pamapazi pa abambo penipeni. Atola, avala magalasi, awerenga limodzi limodzi. Ine ndayamba kale kunena za chiswe.

"Chete kaye. Awa akugwirizana modabwitsa. Buku lachiwiri ndi limeneli, langotsala kuwonjezera."

Ati makatoni asasunthe, muli zofunika. Ati mulowenso tebulo lodyera.

Nandolo agona kunsi kwa bedi, wina kuseri kwa mipando. Tsache ndabweza kukhitchini. Pano ndakhala pa mango paja, pampando wa abambo, maso ku Michesi, kudikira kuti nandolo adzikolole yekha. Mbuzi zokha ndi zomwe zayambapo.