Tachotsa Usipa, Senhor Director

Namacula, Lichinga
Lachisanu, 7 Novembro

Kwa Senhor Director,
Kampani ya Grão Sereno, Lda.

Wolemekezeka Senhor Director,

Dzulo masana Mayi Nafissa anachotsa thumba lomaliza la usipa pakhonde pawo, monga munalamulira m'kalata yanu ya pa 28 Outubro. Matumba onse asanu ndi limodzi ali kwa mchemwali wawo ku Lulimile. Thandala lomwe ankayanikapo aliphwasula, ndipo pansi pake asesa kawiri.

Ine ndine Hermínio Calisto. Nyumba yanga ndi yachitatu kuchokera pa khoma lakumbuyo la armazém yanu, nkhokwe yaikulu ija mumasungamo nyemba. Ndinaphunzitsa Química, sayansi ya makemikolo, kusekondale zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo tsopano ndimalima mbatata. Anansi anga andituma kuti ndikuthokozeni. Poti ofesi yanu ili kutauni, ndipo mwina simunafikeko kuseri kuno, mundilole ndiyambe ndi kukukumbutsani zomwe tikuthokozera.

Lachiwiri pa 14 Outubro antchito anu anaphimba milu ya nyemba ndi malona n'kuikamo mapiritsi otuwa ophera anankafumbwe. Lachitatu m'mudzi munayamba fungo ngati la adyo losakanikirana ndi nsomba yoola. Lachinayi m'mawa nkhuku zisanu ndi zinayi za Dona Nércia zinapezeka zitafa m'khola lomwe linatsamira khoma lanu. Tsiku lomwelo anthu khumi ndi mmodzi a m'nyumba zinayi anadandaula mutu, mseru ndi kubanika. Che Sualehe, omwe anafa ziwalo mbali imodzi zaka zitatu zapitazo ndipo sadzuka okha, anatengedwa kupita kuchipatala. Anakhalako masiku anayi akupumira m'chubu. Chipinda chawo ndi khoma lanu zatalikirana mita imodzi. Ndinayeza ndekha.

Choyamba, tikuthokoza kufufuza kwanu. Kunatenga masiku khumi ndi awiri, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anavutitsidwa ndi mafunso. Munapeza kuti fungolo linachokera ku nsomba zouma za Mayi Nafissa, ndi kuti anthu anadwala chifukwa cha kusasamala ukhondo. Ndavomereza kuti fungo la mpweya wa fosifini, womwe mapiritsi anu amatulutsa akakhudzana ndi chinyontho, limafanana ndi la nsomba yoola. Zimenezi zinalembedwa pa chitini cha mapiritsi omwewo, chimene ana anachitola m'ngalande n'kundibweretsera kuti ndiwawerengere. Chodabwitsa kwa ine, munthu wosadziwa za malonda, n'chakuti usipa umenewu wakhala ukubwera kuchokera ku Metangula kwa zaka khumi ndi chimodzi, koma unadikira mpaka tsiku lotsatira kuphimba kwanu kuti uyambe kudwalitsa anthu. Mayi Nafissa atamva kalata yanu anati, "Aphunzitsi, usipa wanga sunapheko nkhuku. Nkhuku za Nércia zinkauba n'kumanenepa." Ndawauza kuti iwo si akatswiri.

Chachiwiri, tikuthokoza kuti simunatichititse mantha. Mabuku amati malo othira fosifini aikidwe zikwangwani mbali zonse, ndipo okhala pafupi achenjezedwe ntchito isanayambe. Amatinso nyumba yogundana ndi mogona anthu isathiridwe n'komwe, chifukwa mpweyawu umadutsa m'ming'alu, m'njerwa zosapaka pulasitala ndi m'mauna a makoswe. Khoma lanu lili ndi mauna oterewa asanu ndi awiri mbali yathu ino. Chikwangwani chanu chilipo ndithu, chokongola, chokhala ndi chigaza ndi mafupa awiri. Chili pa geti lakutsogolo, poonekera bwino kwa oyendetsa magalimoto a katundu. Ife okhala kuseri tinasiyidwa mu mtendere. Zainabo, mkazi wa Che Sualehe, atamva fungo anachita chimene mayi aliyense wanzeru angachite m'mphepo ya kuno ku Lichinga: anatseka zenera kuti wodwala asazizidwe, n'kumufunditsa bulangeti lachiwiri. Palibe amene anali atamuuza kuti mpweyawo ukulowera pansi pa bedi.

Chachitatu ndi chachitali pang'ono, mundipirire.

Lachisanu pa 17 Outubro, cha m'ma 9 koloko m'mawa, antchito anu anasonkhanitsa mapiritsi otsala ndi phulusa lake m'chidebe chachitsulo, n'kuchisiya panja kuseri kwa armazém. Chidebe chinayamba kufuka. António, mlonda wanu, anathamanga ndi ndowa ya madzi. Madzi atangogwera m'chidebe, malawi anabuka n'kumuwotcha dzanja lamanja mpaka m'chigongono. Tinamuona kudzera pamwamba pa khoma akuthamangira ndowa yachiwiri, ndipo ndinachita kukuwa kuti asiye, athire mchenga wouma, achoke kumene mphepo ikulowera. Nditakamuona kwawo ku Assumane anandifunsa kuti, "Ndinaona utsi, ndinathira madzi. Inu moto mumathira chiyani?" Funso lake ndi labwino. Pa moto uliwonse umene António anauonapo m'moyo wake, madzi ndiwo yankho. Pa mapiritsi awa okha, madzi ndiwo amatulutsa mpweya wambiri msangamsanga, ndipo mpweyawo ukachuluka pamalo amodzi umayaka wokha popanda machesi. Kumuuza zimenezi kukanatenga mphindi ziwiri. Tikuthokoza kuti munam'patsa kansalu kotseka pakamwa kaja tinkavala nthawi ya korona. Sikatchinga mpweya uliwonse, koma kali ndi dzina la kampani, ndipo kanamukhala bwino.

Ndamva kuti m'lipoti lanu ngoziyi mwaitcha kusasamala kwa wantchito. Usipa sunatchulidwemo pa nkhani ya motoyi, ndipo Mayi Nafissa akuthokoza.

Chachinayi, tikuthokoza mkaka. Loweruka galimoto yanu inabweretsa mapaketi makumi awiri, ndipo mnyamata wa ku ofesi anatijambula tikulandira. Ana anamwa n'kukondwa. Pofuna kuti mbiri ikhale yoona, ndingonena kuti fosifini alibe mankhwala othetsa ululu wake, ndipo mkaka suchita kanthu m'mapapo. Chimene chimathandiza n'kumutulutsa munthu msanga kupita kumene mphepo ikuchokera, n'kupita naye kuchipatala ngakhale akunena kuti wapeza bwino, chifukwa madzi amatha kudzaza m'mapapo patatha tsiku limodzi kapena awiri. Ndi bwinonso kuwauza a chipatala ndi a bombeiros, ozimitsa moto aja, dzina la mpweyawo, kuti asatayire nthawi pa malungo kapena kubwera ndi mapaipi a madzi. Dokotala amene anaona Che Sualehe anayamba wayeza malungo, chifukwa palibe amene anamuuza china. Zonsezi ndazilemba pa pepala limodzi m'Chinyanja, Zainabo wandithandiza kuziika m'Chiyao, ndipo tamata pa zitseko khumi ndi zinayi. Ngati pochita zimenezi talanda ntchito ya ofesi yanu ya chitetezo, tikupepesa.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

António watiuza kuti Lolemba likubwerali, pa 10 Novembro, mudzaphimbanso nyemba, ndipo ulendo uno milu yachuluka ndi iwiri kuposa kale chifukwa kwabwera katundu watsopano. Kalata yotiuza sitinalandire, koma sitikudandaula, poti mlonda wa dzanja limodzi wachita ntchitoyo mwaulere. Mvula yayamba kuwaza, mpweya uli ndi chinyontho, ndipo mapiritsi adzasungunuka mofulumira kuposa mu Outubro. Malona anu ndi omwe aja. Mauna a makoswe tayesa kuwatseka ndi dothi mbali yathu, koma dothi si simenti.

Ambiri a ife tikhoza kuchoka. Dona Nércia apita kwa apongozi awo, ine ndi mkazi wanga tili ndi kasakasa kumunda. Che Sualehe alibe kopita. Mwana wawo ali ku Nampula, nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri zomwe zonse zayang'ana khoma lanu, ndipo dokotala anati mapapo awo sangapirirenso kachiwiri. Tinawauza zimenezi mosabisa. Amayankhula movutika, koma tinamva bwino: "Anankafumbwe ali ndi Director wowaganizira. Ife tili ndi Mulungu, alhamdulillah."

Sindikupemphani kuti musiye kupha anankafumbwe. Nyemba zofumbwa sizithandiza aliyense, ndipo alimi a ku Sanga ndi ku Muembe amadalira inu. Sindikupemphaninso kuti musamutse milu kupita nayo kutali ndi khoma, ngakhale bwalo lanu lakutsogolo lili ndi malo okwanira magalimoto asanu ndi atatu. Ndikudziwa kuti kusuntha matumba ndi ntchito yolemetsa, ndipo munthu wofa ziwalo ndi wopepuka kuposa thumba la nyemba.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti kampani ili ndi kachipangizo kachikasu koyezera fosifini, ndipo katswiri wanu amakagwiritsa ntchito mokhulupirika. Tsiku lililonse amalowetsa kapaipi pansi pa lona kuti aone ngati mpweya ukadali wokwanira, magawo mazana angapo pa miliyoni, kuti pasapulumuke nankafumbwe ndi mmodzi yemwe, ngakhale dzira lake. Chisamaliro chotere n'chosiririka. Malire omwe mabuku amaika kwa munthu wathanzi wogwira ntchito maola asanu ndi atatu ndi 0,3 pa miliyoni. Kwa munthu wogona pamalo amodzi usana ndi usiku sindinapeze nambala, mwina chifukwa olemba mabukuwo sanaganize kuti wina angafunse. Ngati kachipangizoko kangathe kuyeza timanambala ting'onoting'ono totere, tikupempha kuti katswiriyo, akamaliza ndi anankafumbwe, azungulire khoma. Ndi masitepe 140 kuchokera pa geti lanu. Ayeze pansi pa bedi la Che Sualehe, alembe nambala papepala, inu musainire. Ngati kachipangizoko kamayeza zopha tizilombo zokha, mutiuze, tidziwe kuti kampani inagula choyezera imfa ya nankafumbwe n'kusiya choyezera moyo wa munthu.

Mukatanganidwa osayankha, tidzamvetsa. Lolemba 7 koloko m'mawa, antchito anu asanatsegule zitini, amuna anayi tidzanyamula Che Sualehe ndi bedi lawo lomwe. Msewu wotuluka m'mudzi muno ndi umodzi, ndipo umadutsa pa geti lanu. Poti kumeneko ndi kumene mphepo imachokera, ndiponso ndi malo okha m'dera lino omwe kampani inaonetsa kuti imawasamala, tidzawatsitsa pomwepo, pansi pa chikwangwani chanu. Zainabo adzabweretsa lona ndi mbaula. Adzakhala pamenepo mpaka mutatsegula milu, masiku asanu ndi awiri kapena khumi malinga ndi katswiri wanu. Tidzayesetsa kuti bedi lisatchinge magalimoto a nyemba.

Ine wanu wa kuseri kwa khoma, wogonjera ndi wopumabe,

Hermínio Calisto
m'malo mwa mabanja khumi ndi anayi a ku Namacula