Chopondera Chachitatu cha a Kilatchi

"Iwe Wailesi, pakamwa pakopo pamatsekeka?"

Anandifunsa choncho malume anga, achimwene awo a amayi, patangopita sabata ziwiri nditamaliza sukulu. Wailesi ndi dzina limene anandipatsa ndili wamng'ono, ati chifukwa ndikayamba kulankhula palibe pozimitsira. Ndinayankha kuti pamatsekeka. Linali bodza ndipo iwo ankadziwa, koma panyumba panalibe wina woti n'kuwerenga mapu a nthambo za magetsi pafoni.

Mumsewu mwathu aliyense ankawatchula a Kilatchi. Anatchuka ndi chinthu chimodzi: kudana ndi galimoto za otomatiki, zija zimasintha zokha magiya. Ena amadana ndi njoka, ena amadana ndi apongozi awo, koma malume ankadana ndi galimoto ya zopondera ziwiri, yopanda kilatchi. Ikamadutsa ankatembenukira kumbali n'kulavula.

"Imeneyo si galimoto, ndi mpando woyenda," ankatero. "Unabadwa ndi miyendo iwiri, winawo ukaugoneke pansi ngati wobwereka?"

Amene ankavutika nawo kwambiri anali mayi a pagolosale, poti anali ndi kagalimoto kofiira ka otomatiki. Malume sankatha kugula ngakhale machesi osawagenda.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Nanga mwendo wakumanzere, ukadali patchuthi?"

"Ukupuma, bambo. Wanuwo tsiku lina udzapempha wokha."

Galimoto ya malume inali yakalekale, yaitali miyendo, yokoka ndi matayala onse anayi. Tinkaitcha Chipembere. Ntchito yake inali kunyamula anthu ndi katundu kupita kuminda ya kutsidya, kumene msewu umatha mvula ikangoyamba. Sitata yolizira injini ya Chipembere inafa ine ndisanabadwe, ndipo malume sanaone chifukwa choikonzera pamene msewu wathu uli wotsetsereka. Ankachiimika pageti chitayang'ana kumunsi, mwala patayala. M'mawa uliwonse ankakwera, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Amuna muli kuti?"

A telala ankasiya makina, tepi ili m'khosi. Wometa ankasiya munthu atametedwa mbali imodzi. Ankachotsa mwala n'kukankha mapazi makumi awiri, malume n'kusiya kilatchi ali m'giya yachiwiri. Chipembere chinkanjanja, n'kutsokomola, n'kuwalavulira utsi wakuda kumaso. Malume sankathokoza. Ankangokweza chala chimodzi osacheuka. Zinali choncho kwa zaka zoposa zanga.

Kenako bondo lakumanzere linayamba kukana. Poyamba ankati ndi kuzizira, kenako anati ndi nsapato. Tsiku lina ndili nawo m'galimoto tinaima pamphambano, ndipo ndinaona akugwira ntchafu ndi manja awiri n'kumaikankhira pansi kuti kilatchi ilowe. Thukuta linkatsika m'khosi. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kunja. Adokotala anawauza mosabisa kuti bondolo silidzapondanso cholimba.

"Achimwene, gulitsani chitsulochi muzikhala pakhonde," anatero amayi.

"Pakhonde ndi pa mphaka," anayankha malume, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Ndiye funso lija linabwera. Ananditengera mushedi yamalata kuseri kwa nyumba n'kuvundukula matiresi akale. Pansi pake panali injini yaukhondo, yopanda kabuleta, ya mtundu uja kabokosi ka kompyuta kamayeza mafuta n'kumawabaya ngati jakisoni. Kumbuyo kwake kunali giyabokosi ya otomatiki. Anazichotsa m'galimoto ina imene inagwedwa ndi mtengo padenga, posinthana ndi ngolo yawo. Anayesa kutenga giyabokosi yokha, koma anauzidwa kuti siyenda popanda injini yake ndi kompyuta yake.

"Ili ngati mkazi wobwera ndi abale ake onse," anatero, ali chiyang'anire pansi. "Tiziika m'Chipembere. Zitsulo ndi ine, nthambo ndi iwe. Akamva munthu, sindiwenso mwana wa mlongo wanga."

Kumsewu analengeza kuti akusintha maring'i a injini. Maring'i amenewo anatenga miyezi itatu.

Zitsulo sizinawavute kwenikweni, ngakhale ankagwira ntchito atakhala pa kampando mwendo uli tantha. Giyabokosi yatsopano inali yaitali kuposa yakale ndi chikhatho chimodzi, choncho shafuti yopita kumatayala akumbuyo anaidula n'kuiwotcherera, yakutsogolo anaiwonjezera. Pansi pa galimoto anapamenya ndi hamala masiku awiri kuti mlendoyo akwane. Chimene chinkawapweteka chinali khalidwe la injiniyo. Nditawauza kuti pakufunika pampu yamagetsi komanso paipi yachiwiri yobwezera mafuta otsala kuthanki, anaika sipanala pansi.

"Mafuta achoke kuthanki, afike painjini, kenako abwerere?"

"Eya, malume."

"Aiwala chiyani?"

Chipembere chakale chinali ndi nthambo zochepa zoti n'kuziwerenga ndi zala. Injini yatsopanoyi inabwera ndi mtolo wonga mizu ya udzu. Ndinakhala nazo sabata zisanu, foni kudzanja lina, kababu koyesera magetsi kudzanja lina, n'kumamata kapepala pa nthambo iliyonse. Sindikudzitama, koma amene anaonapo mtolo woterowo akudziwa chimene ndikunena. Anzanga ankaika zithunzi pafoni ali kumaphwando, ine ndili ndi girizi mpaka m'zigongono, ndipo chinthu chachikulu chimene ndinachitapo m'moyo wanga sindikanatha kuuza ngakhale mphaka.

Tsiku loyesa, malume anapotoza kiyi. Zii. Anapotozanso. Zii. Ananditembenukira ndi nkhope ya chimwemwe chenicheni.

"Waona? Zidole."

Ndinaona kachogwirira ka giya kali pa D, poyendera. Ndinawauza kuti otomatiki silira pokhapokha ikhale pa P kapena pa N, pamene magiya sagwira. Ndinakasuntha, iwo anapotoza kiyi, injini inalira nthawi yomweyo, mosalala ngati makina a telala. Anamvetsera kwa nthawi yaitali.

"Ndiye kuti tsopano galimoto izindiuza ine zochita," anatero. Ndiyo zikomo imene ndinalandira.

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, koma yeniyeni inali isanayambe. Chopondera cha kilatchi anachibwezera pamalo pake n'kuchimangira kasipuling'i kofewa ka pachitseko, chosalumikizidwa ku china chilichonse. Ndodo yakale ya magiya anaiwotcherera pa kampira kachitsulo kuti izigwedezeka mbali zonse. Chogwirira chenicheni cha otomatiki anachifupikitsa n'kuchibisa m'mbali mwa mpando, pansi pa thaulo.

"Nanga zokankha?" ndinafunsa. "Sitata tsopano ilipo."

"Ndani wakuuza kuti ilipo?"

M'mawa mwake Chipembere chinaima pageti, mwala patayala, mutu wa malume pawindo.

"Amuna muli kuti?"

A telala ndi wometa anakankha. Malume anali ataika pa N. Atawerenga mapazi makumi awiri anatsokomola mwamphamvu kuti abise kulira kwa sitata, n'kupotoza kiyi. Anagunda buleki pang'ono kuti galimoto injanje ngati kale, iwonso n'kudziponyera kutsogolo. Dzanja linalowa pansi pa thaulo, kenako n'kutuluka kukavundula ndodo yabodza ija ndi ukali wonse. A telala anayang'ana malaya awo ali oyera.

"A Kilatchi, utsi wapita kuti?"

"Chasiya fodya," anayankha malume, chala chili m'mwamba.

Zinayenda choncho miyezi isanu ndi umodzi. Malume anabwerera kuminda ya kutsidya, ndipo amayi anasiya kutchula za pakhonde. Pagolosale sanasiye kufunsa za mwendo wa patchuthi, kungoti mawu ankatsika pang'ono, ndipo mayi aja ankangomwetulira akukulunga sopo.

Tsiku lina masana ndinakhala m'Chipembere kumvera nyimbo, ndipo potuluka ndinaiwala kuzimitsa wailesi. Ndikuvomera, mlandu umenewu ndi wanga. M'mawa mwake ndinakwera nawo. Amuna anakankha mapazi makumi awiri, malume anatsokomola, anapotoza kiyi. Inangoti tche, basi. Batire linali litatheratu.

Chipembere chakale chikanalira ndi kukankhako. Otomatiki ngakhale mutaikankha mpaka mawa silira. Malume ankadziwa, ine ndinkadziwa. Koma kunena kuti "siyani, batire lafa" kukanakhala kuulula, poti galimoto ya kilatchi sikankhidwa pa chifukwa china koma chomwecho.

"Onjezerani moto!" anakuwa pawindo.

Anakankha. Tinadutsa pagolosale, tinadutsa pachigayo. Malume ankaponda chopondera chabodza, kuvundula ndodo, kudziponyera kutsogolo, Chipembere chili duu ngati bokosi. Kutsetsereka kunatha, msewu unayamba kukwera. Tepi ya a telala inagwa. Munthu amene ankametedwa uja anatuluka ndi nsalu yake m'khosi kudzathandiza. Wometa ankapuma ngati pampu ya njinga.

"Mwayesa yachiwiri, a Kilatchi?"

"Ndili m'yachiwiri momwemo."

"Yesani yachitatu."

Malume anasuntha ndodo yosagwira kanthu ija n'kuiika m'yachitatu.

Tinakaima pamlatho, amuna atakhala pansi m'mbali mwa msewu. Posakhalitsa kagalimoto kofiira kanafika n'kuima mphuno ndi mphuno ndi Chipembere. Mayi a pagolosale anatsika ali ndi zingwe zojampira batire. Ndinadziwa kuti boneti ikatsegulidwa zonse zionekera. Malume anagwira chiwongolero ndi manja awiri, akuyang'ana kutsogolo ngati munthu wodikira chigamulo.

"Kilatchi yanu yatopa lero, bambo," anatero mayiwo. "Mtsikana, tsegula pang'ono pokha, dzanja lilowe. Ife tiyang'ana kumtsinje."

Onse anayang'ana kumtsinje, ngakhale wometedwa theka uja. Ine ndinangoganiza kuti atopa. Ndinalumikiza zingwe, injini inalira. Malume anakweza chala, ndipo nthawi imeneyi anachisiya m'mwamba mpaka titakhota.

Malume anamwalira mvula ya chaka chino isanayambe, ndi nthenda ya mtima, atakhala pa kampando kawo mushedi akupukuta mapulagi akale amene sankagwiranso ntchito. Patapita sabata mwambo wamaliro utatha, ndinaona kuti lonjezo langa latha. Ndinasamba, ndinavala bwino, n'kupita kwa a telala. Wometa analinso pomwepo. Mawu ndinali nditawakonza kwa chaka chathunthu.

"Pali chinthu chimene simukudziwa chokhudza Chipembere."

"Otomatiki ija?" anatero a telala, osakweza mutu pamakina.

Ndinakhala pansi pa mulu wa nsalu.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku loyamba. Munthu wosintha maring'i sataya giyabokosi yathunthu kuseri kwa bafa. Imaonekera pampanda."

"Ine ndinaona mwendo," anatero wometa. "Nthawi zina ankaiwala, n'kumasintha magiya mwendo wakumanzere ataupinda pansi pa mpando."

"Ndiye tsiku la pamlatho lija munkadziwa kuti silira?"

"Msana wanga ukudziwabe mpaka lero."

"Bwanji simunanene?"

A telala anadula ulusi ndi mano. "Akanene ndani? Iwo sakanatha, ifenso sitikanatha. Malume ako sankadziwa kupereka moni kwa amuna anzawo. Kukankhitsa kuja ndiye kunali moni wawo. Ukamulanda munthu zimenezo, m'mawa azidzanena chiyani?"

Ndinadikira kuti wina afunse amene analumikiza nthambo. Palibe anafunsa. Wometa anangoti galimotoyo imalira bwino, kenaka anabwerera kuntchito.

Masiku ano msewu wathu umadzuka mwakachetechete. A telala amatsegula makina n'kusoka osadukiza mpaka masana, ndipo akuti msana wayamba kuuma chifukwa chokhalitsa. Kwa wometa anthu amatuluka atametedwa mbali zonse nthawi imodzi. Mayi a pagolosale akuti palibenso amene amafunsa za mwendo wawo. Mwala uja ukadali pageti, palibe wauchotsa.

Amayi anati Chipembere ndi changa, poti ndine ndekha ndimadziwa kumene nthambo zake zikupita, koma ndichotse zabodzazo ndisanayambe kuphunzira kuyendetsa bwinobwino. Dzulo ndinalowa pansi pa chiwongolero ndi sipanala. Chopondera chachitatucho chimagwidwa ndi bawuti imodzi yokha. Mphira wake ndi wosalala, wodyeka mbali imodzi, ndipo mbali ina ya kudyekako inachitika chopondera chisakugwira kanthu. Ndinaika sipanala pabawuti, koma kenako ndinaibweza m'bokosi.

Batire ndalitchaja, ladzaza. Mawa m'mawa ndichiimika pageti chitayang'ana kumunsi, ndiika pa N, nditulutsa mutu pawindo, ndifunse ngati mumsewu muno mukadali amuna.