Manungo si malungo

Mpaka lero anzanga amanditchula kuti Manungo, ndipo ndinasiya kukwiya, chifukwa dzinali ndinachita kulifuna ndekha.

Ku yunivesite, pa phunziro la kuganiza mozama, ine ndinali katswiri (ndinkanena ndekha ena asanatero). Madamu athu ankati namwino asamangokhulupirira zilizonse, azikayika komanso azifunsa. Kukayikako ndinakugwira bwino zedi. Kufunsako ndiye kunandidutsa.

Anatitumiza kukaphunzira ntchito pachipatala china chaching'ono ku Nsanje, ine mwana wa ku Dedza wosadziwa Chisena ngakhale moni. Tsiku lomwe madamu anabwera kudzandiyesa, nkhani inali yachidule: ndikalephera, anzanga apita, ine nditsala kubwereza m'kutentha muja.

Munalowa bambo ena, msodzi wa ku Makhanga, atagwira m'chiuno. Nditawafunsa chomwe chavuta, anangoti, "Manungo akupha."

Mtima wanga unavina. Malungo akupha! Matenda ophweka chonchi pa tsiku la mayeso? Ndinawabaya chala n'kuyeza magazi. Malungo mulibe.

Wophunzira wamba akanaima pomwepo, koma ine sindine wamba. Ndinakayikira kachipangizo koyezera kuti kapsa ndi dzuwa lakuchigwa. Ndinatenga kena, n'kubaya chala china. Mulibe. Ndinakayikira bokosi lonse, n'kukatsekula latsopano. Bambo aja ankangopereka zala mwaulemu ngati chopereka cha kutchalitchi. Kenako ndinakayikira tizilombo tomwe, n'kuwafotokozera madamu mokweza mawu kuti mwina tabisala m'chiwindi. Iwo ankangolemba, nkhope ili gwa (ine n'kumati amenewo ndi mamakisi).

Nditati ndigwire dzanja linalo, bambo aja analibisa m'khwapa, n'kuyankhula Chichewa chomveka kuposa changa.

"Anesi, zalazi ndimakokera ukonde. Ine ndati manungo, thupi ili, likuwawa. Dzulo ndinaswera kupalasa bwato."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti pa Chisena manungo ndi thupi, ndipo kupha ndi kuwawa. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinawafunsa chifukwa chomwe sananenere kale. Anati sindinawafunse, komanso ankaganiza kuti ndi mmene a masiku ano timachizira msana.

Madamu sanakalipe, bola akanakalipa. Anatseka cholembera n'kunena motsitsa, "Mwakayikira chipangizo, bokosi, dzuwa ndi tizilombo tomwe. Makutu anu okha ndiye mwawakhulupirira."

Bambo aja anapita ndi mankhwala a ululu, zala zili thonje lokhalokha. Anzanga anakwera basi, ine ndinatsala ndi thukuta langa.

Musaganize kuti sindinaphunzirepo kanthu. Pano ndimafunsa. Sabata yatha mayi ena anandiuza kuti mutu ukuwapweteka, ndipo ndinawafunsa mofatsa kuti akati mutu akutanthauza chiyani kwenikweni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa ngati pachipatalapa pali nesi wina.