A Gerson Ankadikira Kuti Idzadze

Malemu a Gerson sanavomerepo kuti amakhala m'galimoto. Zaka zisanu ndi chimodzi ankagona m'minibasi, kuphika pambali pake, kuyanika malaya pagalasi, koma ukawafunsa ankayankha modekha kuti akungodikira kuti idzadze.

Minibasiyo inafera pageti la mayi Dorica, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, ikubwera kuchokera ku Lifuwu. Anthu anatsika. Kondakitala anapita kukaitana makaniko, ndipo mpaka lero akuitanabe. A Gerson anatsala pachiwongolero. Dzinja linafika, udzu unamera m'matayala. M'masika nkhuku ya mayi Tausi, oyandikana nawo, inaikira pampando wakumbuyo, a Gerson n'kumaiwerengera kuti ndi pasinjala woyamba.

Mayi Dorica ndiwo ankazunzika. Geti lawo linkatseguka theka, moti polowa ndi ndowa ankayenda chammbali ngati nkhanu. Alendo awo ankayamba alonjera ku minibasi, poyesa kuti mwini nyumba ndi ameneyo. Kukacha, a Gerson ankaliza hutala ndi pakamwa, poti batire linafa kalekale.

"Bambo, kodi mudzachoka liti pano?"

"Mayi, munaonapo minibasi ikunyamuka mipando ili gwa? Kwerani, mwina ena atengera inu."

Mu Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo ya mango, anthu okhala mumsewuwo anakumana. Mayi Dorica anali atalemba kale kalata yopita ku khonsolo kuti adzaikoke minibasiyo. A Abbas, msodzi wa usipa, anati kukoka denga la munthu amene alibe lina n'zochititsa manyazi, bwino kumugwira ndi mawu ake omwe. Akufuna idzadze? Ayi, aidzadzitse.

Loweruka m'mawa anakwera anthu khumi ndi asanu ndi atatu. A Gerson anavala kapu, napukuta galasi, nacheuka. Anati malo alipo, anthu asunthe pang'ono. Anawonjezera a Lameck, telala, ndi thumba lawo la mpunga. Anati malo alipobe. Amayi awiri odutsa m'njira anakweranso, poyesa kuti ikupitadi kuboma, ndipo mmodzi anapempha mpando wa pawindo chifukwa amasanza paulendo. Mayi Dorica anali ndi bondo la munthu pamsana, nkhuku pamiyendo, thukuta likulowa m'maso. Pamenepo ndi pomwe anakumbukira kuti chibadwire sanaonepo dalaivala wovomera kuti minibasi yadzadza.

"Wallahi, Gerson, ndikupuma ndi mphuno ya mnzanga," anatero a Abbas.

A Gerson anapukusa mutu ngati munthu amene akuluza, nati chabwino, anyamuka, koma injini njofunika kukankha. Onse anatsika. Anakankha, matayala akuphwa akulira ngati mbuzi, minibasi n'kusuntha mapazi awiri. Kenako a Gerson anaponda buleki, nacheukanso.

"Aa, koma mulibe munthu muno. Ndipite bwanji?"

Mapazi awiriwo anatsekeratu geti la mayi Dorica. Mayiwo anagwira chikwama chomwe munali kalata ija. Koma chizimalupsa chinagwa nthawi yomweyo, madontho aakulu ngati nthudza, ndipo onse anathawiranso m'minibasi. Ulendo uno mayi Dorica anakhala kutsogolo. Anaona mphasa yopindidwa bwino, chikho chimodzi, supuni imodzi, ndi nsapato zopukutidwa zili pansi pa mpando. Denga linkadontha pamalo amodzi, ndipo a Gerson anasuntha n'kukhala pomwepo kuti alendo asanyowe. Kalata ija sinafike ku khonsolo. Lolemba mayi Dorica anaitana mmisiri kuti aboole mpanda chakumbali.

A Gerson anamwalira mu Juni, mwera ukuwomba, atadwala chifuwa sabata imodzi. Abale awo anabwera kuchokera ku Khombedza, natenga thupi, kenako anatumiza lole kudzakoka minibasi.

Tsopano msewu ngotakasuka. Mphepo imadutsa osagunda kanthu, ndipo m'mawa mumangomveka atambala. Pomwe panali minibasi patsala dothi lakuda la oyilo lomwe udzu ukukana kumerapo. Mayi Dorica amalisesa tsiku ndi tsiku. Geti lalikulu likutseguka lonse, monga ankafunira. Atalitsegula koyamba anaima pamenepo nthawi yaitali, tsache lili m'manja, kusowa woti amukalipire.