Munthu wa pa Michopo

Lolemba

Yatheka! Pulogalamu yanga yayenda. Imatenga chithunzi cha pafoni n'kuchifinya kuti chisadye bandulo ya intaneti potumiza, diso la munthu osazindikira kuti pachoka kanthu. Miyezi isanu ndi iwiri ndikutunga madzi pampopi digiri ili m'sutikesi. Zatha zimenezo.

Ba Dokota, amene ankandiphunzitsa kuyunivesite, akuti m'gulu lawo la kafukufuku mwatsala malo amodzi. Ndikatumiza zotsatira pofika Lamlungu, malowo ndi anga. Ndikachedwa, atenga wina.

Zofunika:
- chithunzi chimodzi chofinyidwa kasanu, choyamba chooneka bwino, chachisanu chophwanyikiratu
- anthu makumi atatu, aliyense aone payekha
- funso limodzi: chayamba kuwonongeka pati?
- laputopu idzaze malaiti asanapite

Anzanga amayesa maso a anthu ndi zithunzi za akavalo ndi nyumba zakunja. Ine ayi. Diso la komboni yathu ya Mtendere liyesedwe ndi Mtendere. Ndili nacho chomwe ndinajambula Loweruka lapitali: msewu wathu, mpopi, kantemba ka malonda, ndi chakutali utsi wa owotcha michopo, nyama ya m'mbali mwa msewu.

Lachiwiri

Ndili ku saluni ya ba Mesi, kuseri kwa msika. Munthu amene mutu wake uli m'manja mwa wina sangathawe mafunso. Nzeru zimenezo!

Koma za payekha iwalani. Ndikungotsegula laputopu, mitu isanu ndi umodzi yafika kale. Ndikupempha ena atembenuke, ba Mesi akuti m'saluni mwawo simukhala chinsinsi.

Mwaphuma ndatsegula chachisanu, chophwanyikiratu chija. Ndikufunsa funso langa. Mayi wina, tsitsi lolukidwa theka, akuloza pakona ndi chipeso.

"Uyu si ba Mbewe uyu?"

Ndikuyang'ana. Palibe munthu, timabokosi totuwa tingapo pambali pa utsi basi. Ndikufotokoza kuti ndi zinyalala zotsala pofinya. Akundiseka. Akuti m'Mtendere muno ndani wina amaima dzanja kumsana, mimba kutsogolo, ngati mwini nyumba woyendera alenti?

Ba Mbewe ndi mkulu wa mpingo wathu. Loweruka lapitali linali tsiku lachiwiri la kusala kudya kwa masiku atatu, kumene analengeza okha kuguwa.

Oyankha funso langa: palibe.

Lachitatu

Ndasintha chithunzi. Tomato okhaokha pathebulo, munthu mulibe. Sayansi ibwerere m'malo.

Woyamba akuti ameneyu ndi tomato wa amake Joyi, amabisa wovunda pansi. Wachiwiri akuvomereza. Wachitatu sakuyang'ana n'komwe, akuti ndimuonetse cha ba Mbewe.

Madzulo ndikutsegula chooneka bwino chija, ndikukulitsa pakona. Ndiwo! Kanyama kali pakati pa njira yopita kukamwa.

Chidwi chandigwira. Ndikupereka zithunzi zonse zisanu ku pulogalamu yofufuza nkhope, imene tinkaitama m'kalasi. Choyamba yawapeza. Chachiwiri yawapeza movutikira. Kuyambira chachitatu ikuti palibe munthu. Azimayi a ba Mesi anawapeza pa chachisanu, ali chiimire, wina chipeso kumanja!

Ndakhala pabedi. Ichi chaposa za bandulo.

Lachinayi

Funso latsopano: chithunzi chiphwanyike mpaka pati kuti mnansi wako asowe? Makina amafuna maso, mphuno ndi pakamwa. Anthu akuona kaimidwe. Ndalembera ba Dokota, ayankha liwu limodzi, lakuti ndipitirize. Liwu limodzi la ba Dokota ndi nthungululu.

Poti mbiri yafala kale, wina angangotchula dzina osaona kanthu. Ndiye ndaimika asuweni anga atatu pamalo omwewo, dzanja kumsana, mimba atulutse mmene angathere. Ndawajambula, ndawafinya chimodzimodzi, ndasakaniza. Asankhe tione.

Sindikufunanso anthu, akubwera okha. Mzere wayambira pakhomo mpaka pampopi. Amayi aima pachitseko ngati kondakita, akulowetsa mmodzimmodzi, ndipo palibe akukana, chifukwa aliyense akufuna akadzitame kuti waona yekha.

Zimene akunena:
- uyu mimba ni yobwereka
- uyu aopa utsi, ba Mbewe saopa
- uyu aima monga ali na njala, ba Mbewe aima monga ayamba mbale yachiwiri

Sakuphonya. Ndani ananena kuti kafukufuku amafuna nyumba yagalasi?

Lachisanu

Watsala munthu mmodzi, ndipo amene walowa ndi amake Dalitso, akazi a ba Mbewe. Amayi athawira kuseri, ati kukaanula zovala.

Akhala pampando, chikwama pamaondo. Ndikuyesa kuwauza kuti anthu akwana kale. Akuti nditsegule. Ndikuyamba ndi chachisanu, mwina Mulungu andichitira chifundo. Sakuwerama n'komwe.

"Uyu. Na buluku iyi ndine ninachisa na nsimbi."

Akuti iwo anasala masiku onse atatu, ndi madzi omwe ankamwa mochita kudziimba mlandu. Akundithokoza mwaulemu, akutuluka pang'onopang'ono. Ulemu umenewo wandiopsa.

Komabe makumi atatu akwana! Ndavina ndekha m'chipinda. Ndatumiza zotsatira zoyamba kwa ba Dokota.

Yankho labwera: zakoma kwambiri, koma bambo ali pachithunziyo analola? Popanda siginecha yake, zotsatira sizilowa.

Ndasiya kuvina.

Loweruka

Sindinapite kwa ba Mbewe, abwera okha, Baibulo m'khwapa. Amayi awapatsa mpando wa alendo. Akuti amva kuti pano pali chithunzi chimene chikusokoneza nkhosa.

Ndikuwayesa ngati wina aliyense. Chachisanu, sakuona kanthu. Chachinayi, ayi. Chachitatu, chachiwiri, ayi. Choyamba, ndakulitsa mpaka nkhope yadzaza laputopu yonse, mafuta akuwala pamlomo. Avula magalasi, apukuta, avalanso.

"Mwana wanga, maso yanakalamba. Niona chabe utsi."

M'Mtendere monse, munthu mmodzi yekha wolephera mayeso!

Ndikutulutsa pepala la chilolezo limene ndalemba. Akukana: angasainire bwanji munthu amene sakumudziwa? Ndikuchonderera. Ndikuwauza za malo aja, za Lamlungu, za digiri yam'sutikesi. Akuti andipempherera. Ola lathunthu latha chonchi.

Potsiriza ndikungowawerengera pepalalo mokweza, mwaukali, kuti amve chimene akukana. Ndikufika pamene palembedwa kuti dzina la wojambulidwa silidzatchulidwa paliponse, adzangotchedwa Munthu A.

Akuti ndibwereze pamenepo. Ndabwereza. Akufunsa ngati pamwambapo ndi chizindikiro cha yunivesite. Inde. Akupempha bolopeni.

Asaina! Apemphanso pepala lina loti atenge. Ndawapatsa awiri.

Lamlungu

Ndatumiza m'mamawa. Tisanapite kutchalitchi ba Dokota ayankha: malo ndi anga, ndiyambe mwezi wamawa. Amayi alira, kenako andiuza ndivale msanga.

Nthawi ya umboni, ba Mbewe aimirira. Dzanja lina kumsana, lina lakweza pepala langa. Akuti mdani anafuna kuipitsa mtumiki, koma ophunzira akuyunivesite afufuza sabata yathunthu ndi makina, ndipo alemba okha kuti munthu wa pa michopo uja alibe dzina. Awerenga mzere wonse, osaphonya liwu.

Ndikufuna kuimirira. Amayi anditsina pantchafu.

Ndikuyang'ana m'mabenchi. Anthu anga makumi atatu pafupifupi onse ali momwemo, nkhope zili phee. Ba Mesi akweza dzanja kumwamba. Amake Dalitso akudzipepeza ndi kabuku ka nyimbo, maso ali pa buluku la amuna awo.

Mpingo wonse wayankha Ameni. Inenso ndayankha nawo. Ndikanatani? Mawuwo ndinalemba ndine.